Mamailosi Awiri a Vernon Pruitt

Kwathu kuno ku Ohio, kuzizira kukangotha mu Meyi, ife madoda timayamba misala yathu. Loweruka lililonse masana timasonkhana pabwalo loimikapo magalimoto la sitolo ina imene inatsekedwa kalekale, aliyense ndi galimoto yake yamakedzana, ya injini yaikulu yomwa petulo ngati chidakwa. Ukafika umaimika chobwerera m'mbuyo, n'kutsegula boneti, n'kutambasula kampando kako kopinda, kenako n'kukhala pansi ndi kapu ya khofi kudikira kuti wina akufunse funso limene unamuyankha kale sabata yatha. Akazi athu amati n'chionetsero cha mimba ndi madazi. Sanama.

Vernon Pruitt anakhala nafe pabwalopo zaka 31 osajomba, koma wopanda galimoto yoonetsa. Ankabwera pa kagalimoto ka akazi ake, n'kukaimika kutali, kuseri kwa mabini a zinyalala, kenako n'kutulukira wapansi, kampando kukhwapa, buku la zithunzi m'manja. M'bukumo munali zithunzi za galimoto ya mtundu wa Chevelle ya 1970 imene anagula mu 1993 kwa mlimi wina amene ankaisunga m'shedi ya udzu wa ng'ombe. Mlimiyo anaisiya ndi madzi mu injini nyengo yozizira, madziwo n'kuuma gwa, injini n'kung'aluka. Mipando inali itasanduka mudzi wa makoswe. Vernon anaikokera kunyumba, n'kuilowetsa m'galaja, n'kupempha akazi ake, a Maxine, kuti ayambe aimika yawo panja kwa miyezi itatu yokha.

Ntchito ankagwira kufakitale yopanga magalasi, ndipo luso la manja anali nalo, palibe angatsutse. Dzimbiri anapala lonse, pansi pobowoka anawotcherera chitsulo chatsopano, bauti iliyonse anaitsuka n'kuiika m'kachitini kakekake kolembedwa dzina. Pamene panavuta ndi pa injini. Vernon anali wa mpingo uja wokhulupirira kuti galimoto yakale iyenera kukhala ndi injini ya chaka chomwecho, mwezi womwewo, manambala ake ogwirizana, apo ayi ndi bodza loyenda pa matayala. Mumpingomo iye sanali membala wamba, anali m'busa. Injini yoteroyo anaisaka mpaka ku Kentucky ndi ku Indiana, ndipo iliyonse imene ankaipeza ankaipezeranso chifukwa. Tikamufunsa kuti galimoto ituluka liti, yankho linali lomwelomwelo: “Chaka cha mawa, amwene. Zabwino sizifuna phuma.”

Amene ulaliki umenewu unkamugwera kwambiri anali Odell, mnzake wa kuyambira ku ubwana, amene anaika injini yamakono m'galimoto yake yakale. Vernon sankadutsa pa boneti ya Odell osapukusa mutu.

“Amwene, imeneyi ndi galimoto kapena foni? Ikadwala mumapita nayo kwa makaniko kapena kwa adzukulu?”

“Yanga yandibweretsa, aise,” Odell ankatero, osadzuka n'komwe pakampando. “Yakoyo waibweretsa ndiwe, kukhwapa.”

Tinkaseka tonse, ndipo woseka kwambiri ankakhala Vernon yemweyo. Anali munthu wodziwa kuti ndi choseketsa, n'kumaona ngati kudziwako n'kokwanira.

Zengerezu analinda kwawukwawu. Mu Malichi chaka chatha dokotala wa maso anamuuza mosapita m'mbali kuti ali ndi nthenda imene imadya pakati pa diso, m'mbali n'kumasiya. Munthu umaona khoma la uku ndi la uku, koma nkhope ya amene ukulankhula naye imayamba kusanduka nkhungu. Laisensi ya Vernon inali yoti ithe pa 3 Okutobala, tsiku lokwanitsa zaka 74, ndipo kuti amupatse ina anayenera kukawerenga tizilembo tija ta m'makina oyezera maso.

“Tizilemboto simudzatiwerenga, bambo Pruitt,” anatero dokotalayo. “Panopa mukhoza kumayenda pafupipafupi kukuwala, koma nkhunguyo izikulirakulira.”

Vernon anatuluka mmenemo akuwerenga miyezi. Msonkhano wathu womaliza pachaka umakhala Loweruka lomaliza la Seputembala, ndiye anali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kulowa pachipata cha bwalo lija kamodzi kokha, ali pachiwongolero cha galimoto yakeyake, ife tikuona. Mantha anamugwira, oti mwina adzafa ali munthu wa buku la zithunzi. Anauza akazi ake okha, n'kuwalumbiritsa kuti asatsine khutu munthu aliyense.

A Maxine anayendetsa basi ya ana a sukulu zaka 22, ndipo munthu wopirira zimenezo saopa mwamuna. Anamvetsera mpaka pamapeto, n'kumuikira mbale ya mbatatesi ndi nyama patsogolo.

“Ndiye injini ya mwezi womwewo ija muipeza liti, bambo a Denise?”

Vernon anakokera mbale pafupi, a Maxine n'kupitiriza.

“Pitani kwa Darla mawa. Kudya manyazi sikunaphepo munthu.”

Darla ndi mayi amene anatsala ndi bwalo la magalimoto ochita ngozi bambo ake atamwalira. Anamugulitsa Vernon galimoto ya zaka ziwiri zokha, imene lole inaiphwanya kumbuyo koma kutsogolo ili bwinobwino, injini yake yamphamvu kuposa imene Vernon ankaisaka ija. Anaibweretsa pakhomo, Vernon n'kuifunditsa lona msangamsanga ngati maliro a munthu wodzikhweza. Kuyambira mu Epulo mpaka mu Julaye anaisenda pang'onopang'ono: injini, giyabokosi, mabuleki, kompyuta, ndi mtolo wa mawaya wonenepa ngati mkono. Ankagwira ntchito ndi nyale ziwiri ndi galasi lokuzira zinthu, ndipo pamene maso ankakana, zala zinkaona.

Loweruka ankabwerabe pabwalo. Chodabwitsa n'chakuti miyezi imeneyo ndi imene analalikira mwaukali kuposa kale lonse zotsutsa mainjini amakono, zikhadabo zake zili bii ndi oyilo wa injini yamakono. Mwiniwake amati ankaopa kuti akangofatsa timukayikira. Ife sitinakayikire kanthu, tinangoti ukalamba wamufika m'mutu.

Chimene chinamusowetsa mtendere ndi chigoba cha galimoto yatsopano ija. Odell amakhala misewu iwiri kuchokera kwa Vernon, ndipo dokotala anamulamula kuti aziyenda wapansi m'mawa uliwonse. Mphepo ikangotukula lona, zaka 31 za ulaliki zikanathera pomwepo. Ndiye atangomasula bauti yomaliza, Vernon anaimbira Darla kuti abwere adzatenge chigobacho akachiphwanye. Ndipo anachita monga bambo ake anamuphunzitsira, kuti galimoto yopita kukaphwanyidwa imapita ndi kiyi wake, usavutitse anthu okoka. Anatenga kiyi uja, kanthu kakuda ka mabatani kopanda ngakhale mano, n'kukapukuta bwinobwino, n'kukaika poika kapu pakati pa mipando. Kwa ife a nthawi imeneyo kiyi ndi kachitsulo chabe. Ukataya umagundanitsa mawaya awiri, galimoto n'kulira. Komanso Chevelle inali ndi kiyi wake wakale, wina anali wachiyani? Safunsa anadya phula.

Kumayambiriro kwa Seputembala zonse zinali m'malo mwake. A Maxine anaima pakhomo la galaja atanyamula chozimitsira moto, Vernon n'kupotokola kiyi. Injini inabangula mpaka tizitini ta mabauti tinanjenjemera pashelefu. Anawerenga kamodzi, kawiri, basi inazima. Anayesanso, chimodzimodzi. Masiku khumi anafufuza petulo, mapulagi, batire, waya uliwonse payekhapayekha, injini n'kumangolira kawiri kupuma kwa munthu, kenako zii.

“Itanani Odell,” anatero a Maxine.

“Ndiyambe ndafa.”

“Kufa mufa ndithu, koma muitaneni kaye.”

Odell anabwera m'mawa mwake. Anaima pa boneti nthawi yaitali, manja kumbuyo, akuyang'ana injini yonyezimira ija. Kenako anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

“Abusa, tchimoli munaliyamba liti?”

“Seka umalize, ndili ndi ntchito.”

“Ayi, sindiseka lero. Ndizidya pang'onopang'ono, zindifikitse ku Khirisimasi.” Anatembenukira kukhomo. “Alamu, inu mumadziwa zimenezi?”

“Ndine ndinawatuma,” anatero a Maxine.

Odell analumikiza kamakina kake ku kompyuta ya injini, n'kuwerenga atakweza magalasi pamphumi. Sipanapite nthawi.

“Kiyi wake ali kuti?”

“Si uyu ali apayu?”

“Osati wa agogowa. Wa galimoto ija unailanda injini.”

Vernon anati kiyiyo anapita ndi chigoba, monga mwa ulemu. Odell anakhala pansi pa ndowa yovundikira, n'kumufotokozera ngati akufotokozera mwana. Kompyuta ya masiku ano ikadzuka imayamba yafunsa kiyi wake, kudzera m'kabokosi kena kamene kamakhala pansi pa chiwongolero. Ikapanda kuwamva awiriwo imati yabedwa, n'kudula petulo. Analipo anthu odziwa kuiiwalitsa zimenezo, koma kutumiza ndi kubwerera zinkatenga masabata asanu ndi limodzi. Kunali kutatsala masabata awiri ndi masiku.

“Ndiye kuti galimoto yanga ikundiyesa wakuba,” anatero Vernon.

“Ikunama?”

Atafika kwa Darla anapeza chigoba chija chitaphwanyidwa kale, chili thyathyathya ngati matiresi, chachinayi kuchokera pansi pa mulu wa zinzake. Lole yokatula mulu wonsewo kosungunula zitsulo inali yoti ibwere Lolemba. Darla anawamvetsera atagwira m'chiuno.

“Akuluakulu inu, mankhwala anu mwamwa lero?”

“Tamwa, mwanawe. Tangotithandiza.”

Anawatsitsira chigobacho ndi makina onyamulira, n'kuwabwereka macheka a zitsulo ndi chitsulo chokanulira, n'kuwauza kuti wina akadula chala asamutchule. Masiku awiri madoda awiriwo anagwada pa miyala, wina wa mawondo oika kuchipatala, winayo wosaona bwino, akukumba galimoto yophwanyika ngati akufukula mbewa. Kabokosi kanapezeka tsiku loyamba, kokalikakalika koma kamoyo. Tsiku lachiwiri masana Odell anakanula pamene panali pakati pa mipando, n'kutsamira chitsulocho ndi thupi lonse.

“Uyo ali apoyo. Tola msanga, chikundilemera.”

Kiyi anali poyera, pafupi ndi mphuno ya Vernon. Vernon anayang'ana, osaona kanthu. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku, n'kuyamba kupapasa, dzanja likudutsa pambali pa kiyiyo kawiri.

“Kumanzere pang'ono,” anatero Odell, mawu atatsika. Vernon atamutola, Odell anasiya chitsulo chija n'kukhala pansi pamiyala pomwepo. “Vernon, maso akowo ayamba liti?”

Anamuuza zonse, za dokotala, za laisensi, za Loweruka lomaliza. Odell anangogwedeza mutu, n'kunena kuti mawa alawirira ndi zida zake. Kuyambira tsiku limenelo Odell anasiyiratu kumuseka za injini. Vernon amati m'nkhani yonseyi chimenechi n'chimene chinamupweteka kwambiri, chifukwa mnzako akasiya kukuseka ndiye kuti wayamba kukumvera chisoni.

Kabokosi anakalumikiza pansi pa mpando, kiyi n'kumumatirira pambali pake ndi tepi. Lachinayi la sabata yomaliza injini inalira, ndipo sinazime. A Maxine anaika pansi chozimitsira moto n'kukaphika khofi.

Loweruka kunacha bwino. Penti panalibe nthawi yake, ndiye galimoto inali yotuwa ngati phulusa, chitseko chimodzi chokha chobiriwira, cha galimoto ina. A Maxine anavala diresi la kutchalitchi n'kukhala mpando wa pambali, chikwama pamiyendo. Kuchokera kunyumba kukafika pabwalo ndi mamailosi atatu, msewu umene Vernon anauyenda moyo wake wonse.

Anatuluka m'galaja pang'onopang'ono, n'kulowa mumsewu. Giya yoyamba, yachiwiri. Atangoponda pang'ono, mpando unamukankha kumsana, phokoso la injini n'kudzaza msewu wonse, munthu wina amene ankatchetcha kapinga n'kuimika makina ake kuti aone. Vernon anasangalala. Anasangalala ngati mwana, moti anayamba kuseka yekha, ndipo atayang'ana cham'mbali anaona a Maxine akumwetulira atagwira chipewa. Anaika yachitatu. Zonse zimene ananyoza zaka zonsezi zinali pansi pa phazi lake, ndipo zinkakoma kwabasi.

Atayenda mamailosi awiri, pafupi ndi tchalitchi cha njerwa zofiira, a Maxine analankhula mosakweza mawu.

“Imani.”

Vernon anaponda buleki chifukwa cha liwulo basi, asanaone kanthu. Mabuleki atsopano aja anagwira nthawi yomweyo, matayala n'kulira pang'ono. Kumanja ankaona tchalitchi, kumanzere mitengo, pakati nkhungu yokhayokha. Anapendeketsa mutu. M'mbali mwa diso munatulukira mayi akukankha bambo wokalamba pa njinga ya olumala, ali pamizere yowolokera, patsogolo penipeni pa boneti. Mayiyo anakweza dzanja kuthokoza kuti waima. Bambo wokalambayo anayang'ana galimoto, n'kuimika chala chachikulu kuti ndi yabwino. Anawoloka osadziwa kanthu.

Vernon anakhotera m'mbali mwa msewu n'kuima. Injini inkangolira pansipansi.

“Sindinawaone,” anatero. “Ngakhale pang'ono.”

“Ndadziwa.”

Kenako a Maxine, amene sanamunyengererepo mwamuna wawo pa chilichonse, anamunyengerera tsiku limenelo.

“Yatsala mailosi imodzi, bambo a Denise, ndipo msewu wake ndi wowongoka. Muziyenda pang'onopang'ono, ine ndizikuuzani. Palibe adziwe.”

Ankafuna. Mtima wonse unkafuna, ndipo phazi linali kale pa kalachi. Bwalo linali pafupi moti akanatsitsa galasi akanamva nyimbo zathu zakale zija. Anaganiza za chipata, za ife titaimirira, za Odell. Kenako anaganiza za chala cha bambo uja.

“Nanga mukanayetsemula?” anafunsa.



Vernon anachotsa giya, n'kukoka buleki ya pamanja, n'kutsegula chitseko. Anazungulira cha kutsogolo, dzanja likutsetsereka pa boneti yofunda, n'kukatsegulira akazi ake chitseko chobiriwira chija. A Maxine anamupatsa chikwama kuti awagwirire. Atakhala pachiwongolero anakokera mpando kutsogolo, n'kukonza galasi loonera kumbuyo, n'kunyamuka bwinobwino osagwedeza munthu.

Ife tinaimva isanaoneke. Galimoto yatsopano ikamalowa koyamba pabwalo timaimirira tonse, ndiye tinaimirira, mawondo akulira, makapu m'manja. Inalowa Chevelle yotuwa ija imene tinkaidziwa m'zithunzi mokha, pachiwongolero pali a Maxine ndi chipewa chawo cha kutchalitchi. Anaiponda kawiri kuti ibangule, monga mwa mwambo, n'kuiimika chobwerera m'mbuyo kamodzi kokha, pakati penipeni pa mizere, zimene ambiri a ife zimatitengera katatu. Vernon anatulukira chitseko cha pambali atanyamula chikwama cha akazi ake.

Odell anali atatitsina kale khutu za maso, ndiye tinangoima ngati anthu a pamaliro osadziwa nyimbo. Vernon anationa m'mbali mwa diso mmene tinalili, n'kupita kutsogolo kwa galimoto, n'kutsegula yekha boneti.

“Bwerani mudzandiseke. Ndatsegula ndekha.”

Tinabwera, tinaona injini ija, ndipo tinamuseka. Tinamuseka mopanda chifundo, aliyense akubweza zake za zaka zonsezi, mpaka Odell naye analephera kupirira n'kuyambiranso za abusa. Vernon anayankha aliyense, n'kufotokoza yekha za kiyi wopukutidwa uja, akudzitchula chitsiru cha mumzinda wonse. Ankaseka, koma zinkamuwawa, ndipo tonse tinkadziwa. Wina atafunsa kuti imathamanga bwanji ikafika pamsewu waukulu, iye analoza a Maxine.

“Funsani adalaivala pakatha sabata. Ine ndaidziwa mamailosi awiri.”

Galimoto iliyonse ya pabwalo imakhala ndi kakhadi pagalasi la kutsogolo, kolembapo mwini wake, chaka chake ndi injini yake. Mmodzi wa ife anabweretsa kakhadi katsopano ndi cholembera. Vernon anakaika pa boneti ya Odell, n'kuwerama, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku kusaka mzere woyamba. Odell anatambasula dzanja kuti amulembere, koma Vernon analikankha ndi chigongono. Analemba dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu zopendekera, zodutsa mizere yonse itatu mpaka pa chaka ndi pa injini panalibenso malo. Odell anatenga kakhadiko n'kukaika pagalasi mmene kanalili.